Nthochi ya Filesi

Zaka ndinasiya kuziwerenga. Ndikafuna kudziwa kuti ndayenda nthawi yaitali bwanji ndimayang'ana ming'alu ya kuzidendene, nayo imangondiuza kuti ndi kale. Koma poyambira ndimapakumbukira bwino. Panali mtsinje, panali mzati wa simenti woimikidwa m'mphepete mwa madzi, ndipo panali ine, munthu wa mzatiwo.

Anadzauimika ndi anthu a bungwe lina, chaka chimene mtsinje unayamba mwano. Anaupaka mitundu itatu: pansi pobiriwira, pakati pachikasu, pamwamba pofiira. Anandipatsa foni, wenzulo ndi jombo zazikulu kuposa mapazi anga, nandiuza kuti ntchito yanga ndi maso basi. Madzi akakhala pobiriwira, anthu a kumunsi azilima. Akafika pachikasu, amange katundu. Akakhudza pofiira, ndiimbe foni kuti athawire kumtunda, pakuti madzi ochoka kwathu ankatenga maola atatu kuti akafike kwawoko. Maola atatu ndi ambiri. Mayi atha kubereka mwana kumbuyo, kumasula mbuzi, n'kubwereranso kukatenga mphika umene waiwala.

Ntchitoyo ndinkaikonda, ndisaname. Munthu amene moyo wake wonse sanafunsidwepo nzeru, mwadzidzidzi midzi isanu ikumuimbira foni! Ndinkayenda ngati mtsinjewo unali wa malume anga. Mkazi wanga Nangondo ankandiseka kuti, "Bambo a Filesi, jombozo muzivulako nthawi zina, mzati suthawa."

Filesi anali mwana wathu mmodzi yekha amene anakula. Anapita ku chitengwa kumunsi komweko, m'mudzi umodzi mwa isanu ija, ndipo dimba lake linali kutsidya. M'mawa uliwonse wa dzinja ankandiimbira. Sankayamba ndi moni ngati ana a anthu ena. Ankangoti, "Ababa, ali pati?" Ine n'kutchula mtundu.

Sabata imeneyo wailesi inanena za namondwe wochokera kunyanja yaikulu yamchere. Mvula inagwa kumapiri masiku atatu osapuma. Tsiku lachinayi kunacha ndi kadzuwa. Nditafika pamzati ndinapeza kuti madzi, amene dzulo lake anali atakwera mpaka pachikasu, atsika n'kubwerera pobiriwira. Mtima unakhala pansi. Pomwepo foni inalira.

"Ababa, ali pati?"

"Pobiriwira, mwanangu. Atsika."

"Ndiye ndiwoloke? Maungu anga aola m'dimbamo."

"Woloka. Namondwe wawoyo wadutsa."

"Chabwino. Ndikusungirani dzungu lalikulu."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuseri kwa phiri, ulendo wa ola limodzi kuchoka pamzati, mtsinje unali utaboola gombe n'kubwerera m'khwawa lake lakale, mmene anthu ankalimamo chimanga kuyambira ine ndili mwana. N'chifukwa chake pamzati panga madzi anatsika. Enawo anazungulira phiri n'kukagwera pamwamba penipeni pa madimba a kumunsi. Madzi saiwala khwawa. Mwambi umenewu ndinkaudziwa, ndinkautchula bwino pa milandu ya anthu ena.

Anthu anapeza dengu la Filesi litakodwa m'nthambi za mtengo, ndi mpango wake patsogolo pang'ono. Mwini wake sanamupeze. Mwamuna wake polira ankangoti, "Ndinamuletsa ine, koma Filesi ndi liuma lake!" Anthu anagwedeza mitu, nkhani n'kukhazikika motero, kuti mwana wosamva anawoloka yekha. Ine ndinali pomwepo, jombo zili kumapazi, foni ili m'thumba. Sindinatsegule pakamwa. Ndinalola mwana wanga kusenza mlandu wanga ali m'madzi.

Patatha masabata awiri akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi. Kwathu munthu akapita ndi madzi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kukaliika m'manda ngati munthu, kuti olira apeze poima ndipo mzimu upeze pogona. Nangondo anandilozera nthochi ya kuseri kwa nyumba, imene Filesi anadzala yekha asanakwatiwe.

"Mwana wanga si nthochi," ndinatero. "Ndikukamutenga."

Nangondo anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ouma.

"Pitani," anatero. "Koma nthochiyi sindidula ndekha. Maliro awa ali ndi eni ake awiri."

Ndinatsata mtsinje. Ndinayenda mpaka kufika pamalo pamene anthu ankati ndi mudzi, koma ine ndinkangoona mchenga woyera mpaka kumene maso amalekezera. Apa ndi apo pankatuluka nsonga ya denga kapena mutu wa mtengo wa mango. Anthu ankakhala m'matenti cha kumtunda, ndipo kukacha ankatsika kudzayenda pamwamba pa nyumba zawo.

Kumeneko ndinaphunzira ntchito ya chitsulo. Anandiphunzitsa ndi mkulu wina amene kale anali mmisiri wa matabwa, tsopano alibe thabwa ngakhale limodzi. Ankatenga chitsulo chachitali chomangira nyumba n'kumachilowetsa mumchenga pang'onopang'ono.

"Osakankha ndi ukali, achimwene," ankatero. "Mchenga uli ngati apongozi, umafuna ulemu. Chikagunda mwala mumva m'mano. Chikagunda lata mumva m'chigongono. Chikalowa pofewa, imani, muchizule, mununkhize kunsonga. Mphuno sinama."

Tinafukula njinga, makina osokera, belu la tchalitchi, ndi chitseko chili chokhoma ndi loko pomwe nyumba yake kulibe. Tinafukulanso anthu. Tikapeza munthu, azimayi ankatsika kuchokera kumatenti atagwira zitenje kukamwa, aliyense n'kusuzumira. Mmodzi ankagwa pansi, ena onse n'kubwerera chamumtima. Ndiulule: nthawi zina amene wagwa pansiyo ndinkamuchitira nsanje.

"Inu mukufuna ndani?" anandifunsa mmisiriyo tsiku lina tikupuma.

"Mwana wanga wamkazi."

"Anamutenga bwanji?"

"Anawoloka."

"Ana a masiku ano samva," anatero, akupukuta chitsulo. Ine ndinavomera ndi mutu.

Masana a tsiku lomwelo ndinaona mzimayi akuyenda patali pamchenga, dengu lili pamutu, akuponda mopendeka pang'ono ngati Filesi. Ndinataya chitsulo n'kuthamanga, jombo zikundigwetsa. Atatembenuka anali mwana wa munthu wina. Anandipatsa moni mwaulemu n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi akumwa.

Mchenga utalimba, anthu anayamba kubzalamo mbatata pamwamba pa abale awo. Sindinawaweruze, njala siidikira maliro. Ndinabweza chitsulo kwa mwini wake n'kupitirira.

Kenaka mtsinje unanditayika. Unayamba kuchepa, n'kusanduka zithaphwi, n'kulowa pansi osatsanzika. Ndinapezeka ndili m'dziko la fumbi, kumene mbuzi zinkadya mapepala ndipo mitengo inalibe mthunzi wokwanira munthu mmodzi. Pamwamba pa chitunda panali sukulu, ndipo pabwalo lake panali kampanda ka minga kozungulira chitini chachitsulo choimikidwa pansi.

Mwini wa chitinicho anali mphunzitsi wamkazi wokalamba, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Mawondo anali atayamba kumukana, ndiye anandipatsa ntchitoyo posinthana ndi pogona. Eyiti koloko m'mawa uliwonse ndinkatsegula chitini, kutulutsa botolo lomwe linali m'kati, kutsanulira madzi ake m'galasi la mizere, n'kuwerenga mamilimita diso lili molingana ndi madzi. Kenaka ndinkalemba m'buku, ndipo mphunzitsiyo ankatumiza nambalayo pafoni kwa a zanyengo.

Vuto linali lakuti madzi otsanulawo panalibe. Sabata yoyamba ndinasiya mizere yonse ya m'buku yopanda kanthu. Ataona, anatsitsa magalasi.

"Bambo inu, mwalemba chiyani apa?"

"Sikunagwe kanthu, aphunzitsi. Ndilembe chiyani?"

"Lembani ziro."

"Ziro ndi mpata si chimodzimodzi?"

"Ayi ndithu. Mpata ukutanthauza kuti mwina munadwala, mwina munaledzera, mwina munathawa. Ziro akutanthauza kuti munapita, munayang'ana, simunapeze kanthu. Ziro ndi nkhani, bambo. Amafunika munthu woima naye."

Ndinalemba maziro makumi anayi ndi mmodzi otsatizana. Dzanja langa linazolowera kuzungulira. Anthu a kumeneko anabzala, mbewu zinapsa. Anabzalanso, zinapsanso. Kachitatu anabzala chimanga chimene anayenera kudya. Wailesi inkati kunyanja ina yakutali madzi atentha, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kwakankhira mitambo yathu kwina. Anthu ankamvetsera n'kufunsana kuti nyanja imene sitinaionepo tinailakwira chiyani.

Ankabwera pampanda paja kudzandifunsa. "Inu a chitini, ibwera liti?" Ndinkawayankha kuti ine ndimayeza imene yagwa kale basi. Sankakhutira, ndipo sindikanawadzudzula. Munthu wanjala ukamuuza zadzulo amaona ngati ukumutukwana.

Tsiku lina tikusenda chinangwa, mphunzitsiyo anandifunsa za kwathu. Ndinamuuza za Filesi.

"Anawoloka yekha, mvula itagwa chotero?"

"Anafunsa kaye," ndinatero. Mawuwo anatuluka okha, ine osawatuma.

Anadikira. Ndinapitiriza kusenda. Sanafunsenso, koma chinangwa chake chachikulu anachiika m'mbale yanga.

Pa ziro wa makumi anayi ndi chiwiri ndinapeza mpanda wagwetsedwa, chitini chaphwanyidwa ndi mwala. Mphekesera inali itayenda kuti chitinicho n'chimene chikumanga mvula, ndipo mlendo wa jombo m'chilala ndiye mwini mankhwala. Mphunzitsi anandiuza kuti ndichoke dzuwa lisanakwere. Potsika chitunda ndinakumana ndi mzimayi wa dengu pamutu, woponda mopendeka. Ulendo uno sindinathamange, ndinangomuitana dzina. Sanacheuke.

Ndinadutsa malo ambiri amene sanandisiyire kanthu. Kwina ndinaumba njerwa, mvula yosayembekezeka n'kuzisungunula zonse zisanaotchedwe. Kwina ndinagulitsa maambulera chaka chopanda mvula. Mvula ikakuona litsiro sikata, koma ine ngakhale kukana kwake kunkanditsata. Foni ija inafa kalekale, komabe ndinkayenda nayo m'thumba la pamtima.

Pomaliza ndinafika mumzinda, pa nyumba ina imene padenga pake pankazungulira tizikho titatu pamtengo wachitsulo, ndipo pakapinga pake panali mabokosi oyera a miyendo italiitali ngati akakowa. Anali malo a anthu olosera zanyengo. Anandilemba ntchito yotchetcha kapinga, nandichenjeza kuti chikwakwa changa chisayandikire mabokosiwo.

M'nyumbamo munali mtsikana wina wa msinkhu wa Filesi, wolankhula mofulumira, wokonda chimanga chootcha. Ankandiona ndikusuzumira pawindo, ndipo tsiku lina masana anandiitana.

"Lowani, bambo, muone dziko lanu kuchokera kumwamba."

Pa kompyuta yake panali chinthu choyera chozungulira pang'onopang'ono pamwamba pa nyanja, chokhala ndi kadiso pakati. Anati ameneyo ndiye namondwe, akujambulidwa ndi makina amene ali mumlengalenga. Ndinadabwa kuti chinthu chimene chinandidyera mwana n'chokongola chotero.

"Nyanja yatentha, bambo," anatero. "Madzi otentha amadyetsa namondwe monga nkhuni zidyetsera moto. Mvula imene kale inkagwa mwezi wathunthu, lero ikugwa masiku awiri, kenaka kuli zii mpaka mbewu kupsa. Mitsinje yathu sinazolowere kulandira alendo ambiri tsiku limodzi."

"Nanga uyu afika kuno?"

"Ife sitinena kuti afika. Timati mwa magawo khumi, asanu ndi awiri akuti afika."

"Atatu otsalawo?"

"Atatuwo ndi zimene sitikuzidziwa, ndipo timazinenanso poyera. Munthu wobisa atatuwo ndi amene amaphetsa anthu."

Ndinakhala pansi, pa simenti, ngakhale mpando unalipo. Ndinamufunsa ngati makina akewo amatha kuona munthu amene ali pansi pa mchenga. Anati ayi, koma amasunga zithunzi za masiku akale. Ndinamuuza za mtsinje wathu ndi phiri lathu, ndi dzina la namondwe uja. Anafufuza kwa kanthawi, kenaka anatembenuzira kompyuta kwa ine.

Zinali zithunzi ziwiri. Pa choyamba mtsinje unali umodzi, wopyapyala ngati ulusi. Pa chachiwiri unali utagawika pawiri kuseri kwa phiri. Mbali ina inali yotambalala, yofiira ndi matope, yameza minda ndi madimba. Mbali inayo inali kamzere kochepa, ndipo m'mphepete mwa kamzereko, pena pake pamene makina sangaone, panali mzati ndi munthu wa jombo akumwetulira pafoni.

Ndinamuuza zonse. Anali munthu woyamba kumva. Ndinamuuza funso la Filesi ndi yankho langa, ndi dzungu limene anandilonjeza. Mtsikanayo anasiya chimanga chake patebulo.

"Bambo, mzati umodzi sungaone mtsinje wonse. Aliyense woima pamalo panu akananena chimodzimodzi."

"Koma anaima pamenepo si aliyense, mwanangu."

Mtsikanayo anafunsa, "Amayi ake akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye kuti zaka zonsezi akulira mwana wosamva, pamene anabereka mwana womvera."

Mawu amenewo anandibaya kuposa chitsulo cha mmisiri uja. Mungaganize kuti ndinanyamuka tsiku lomwelo kubwerera kwathu. Ayi, ndine wamantha, ndipo mantha ali ndi miyendo italiitali. Ndinasiya chikwakwa pakapinga n'kulowera mbali ina, kutali ndi kwathu.

Ndinayenda mpaka ndinafika pamtsinje wina umene sindinkaudziwa, koma unkaoneka ngati ndinaulotapo. Kunali kutacha ndi kadzuwa pambuyo pa mvula ya masiku atatu. Kumtunda kunali phiri. M'mphepete mwa madzi munali mzati wa simenti wa mitundu itatu, ndipo pafupi nawo panaima bambo wa jombo zazikulu kuposa mapazi ake, chifuwa chili patsogolo. Madzi anali pobiriwira.

Foni yake inalira. Ndinali pafupi, ndipo ndinamva mawu a mtsikana akutuluka mmenemo, akufunsa ngati angawoloke.

"Ali pobiriwira," anayamba bamboyo. Sanamalize. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti, koma foniyo inapezeka ili m'manja mwanga.

"Usawoloke, mwanangu," ndinatero. "Pano ali pobiriwira, koma ine ndikuona pano pokha. Kuseri kwa phiri sindikuonako. Maungu aole, tidzabzala ena. Usawoloke."

Kenaka mawu aja anayankha, ofatsa, osadabwa n'komwe.

"Chabwino, ababa. Sindiwoloka."

Mwini foni anandigwira pakhosi. Anthu anasonkhana, ena akuti ndine wakuba, ena akuti ndine wamisala. Anatumiza munthu wanjinga kuseri kwa phiri, ndipo anabwerera akuseka: gombe linali lolimba, mtsinje unali umodzi, kunalibe choopsa chilichonse. Tsiku limenelo madzi sanabwere. Anandiperekeza ndi zibuma mpaka kumalire a mudzi wawo. Sindinamve kuwawa. M'makutu mwanga munali mawu atatu aja, amene ndinawafuna mumchenga, m'chitini ndi m'makina a kumwamba. Anali a mwana wa munthu wina, ndipo anachedwa ndi zaka zambiri. Ndinakhala pansi pamsewu n'kulira ngati mwana. Nditatha kulira ndinavula jombo, n'kuzisiya pomwepo zitaima, n'kutembenukira kwathu.

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Mzati wanga ndinaupeza uli chiimire pakati pa mchenga wouma, utoto utasuluka, munthu wina atamangirirapo mbuzi. Mtsinje unali utasamukiratu kukhwawa lake lakale. Nyumba yathu inali itafupika, kapena ndi maso anga. Pakhonde panakhala mayi wa imvi akusankha nyemba m'lichero. Anakweza mutu n'kuyang'ana manja anga, kenaka kumbuyo kwanga.

"Mwabwera, bambo a Filesi."

"Ndabwera, Nangondo."

"Mwamupeza?"

"Ndinapita, ndinayang'ana, sindinamupeze."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira yankho lokwanira. Anasendeza mphasa kuti ndikhale, koma sindinakhale. Ndinagwada pansi pa khonde, pafumbi.

"Nangondo, pali chimene sindinakuuze. Mwana uja sanawoloke yekha. Anaimba foni. Anafunsa. Ndine ndinati woloka."

Anapitiriza kusankha nyemba. Anachotsa kamwala kamodzi, kenaka kena.

"Mukuyesa mukundiuza zachilendo?" anatero. "Filesi ndinamubereka ndine. Mwana ameneyo sankaponda m'madzi asanamve mawu anu. Ndinadziwa tsiku lomwelo, pamene mwamuna wake ankanena za liuma, inu mukuyang'ana pansi."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinene ine? Katunduyo munamusenzetsa ndinu, womutula ndinu nomwe. Kuti munalakwa kuwerenga madzi, zimenezo ndinakhululuka kalekale, mtsinje unapusitsa tonse. Koma zaka zonsezi, bambo a Filesi, azimayi kuno akamalanga ana awo amati, ukapanda kumva udzapita ngati Filesi. Ndimamva ndili pachitsime. Ndimangotunga madzi anga n'kubwerera."

Apa lichero linapendeka, nyemba n'kumwazika pakhonde. Tinazitola tonse awiri, imodziimodzi, osayang'anana.

Kenaka ananditengera kuseri kwa nyumba. Pamene panali nthochi imodzi panali phata lalikulu, masamba ake akukhudza denga.

"Nthochi imabereka kamodzi n'kufa," anatero. "Ija ndinakulozerani inabereka, inagwa. Mwana wake anabereka, anagwa. Ndinkangosiya mphukira imodzi yoti idikire. Iyi ndi yachisanu ndi chinayi."

Zaka zimene ine ndinasiya kuwerenga, iye anaziwerenga zonse.

Uthenga unayenda. M'mawa mwake anthu anadzaza pabwalo, a kwathu ndi a kumunsi. Anabweranso mwamuna wa Filesi, tsopano wa mimba yake, ndi mkazi wina ndi ana atatu. Tinadula nthochiyo awiri, ine ndi chikwanje, Nangondo atagwira thunthu kuti lisagwe pansi ngati mtengo wamba. Analikulunga m'chitenje chimene anasunga pansi pa sutikesi, n'kumanga kumutu ndi mpango uja anaupeza pafupi ndi dengu.

Mwambo usanayambe ndinaimirira. Bambo wa maliro salankhula pa maliro a mwana wake, amamulankhulira ndi ena, ndipo akuluakulu anayamba kung'ung'udza. Ndinalankhulabe.

"Abale anga, mwana uyu sanali wosamva. Anafunsa bambo ake, ndipo bambo ake anati woloka. Anafa chifukwa chomvera. Amene ali ndi mwana wofuna kumulanga, azitchula ine."

Mzimayi wina kumbuyo anayamba nyimbo, ena n'kulandira. Adzukulu anabwera kuti anyamule, pakuti ndiyo ntchito yawo, koma ndinali nditagwada kale n'kukokera thunthulo kumsana. Wamkulu wawo anati zimenezi sizichitika.

"Musiyeni," anatero Nangondo. "Ananena kuti akukamutenga."

Anandithandiza kumanga chitenje pachifuwa, mfundo yake mmene amamangira azimayi. Tinayamba ulendo wa kumanda, ine patsogolo, iye pambali panga, dzuwa likukwera. Sindinkadziwa kuti thunthu la nthochi limalemera chotero. M'kati mwake ndi madzi okhaokha, ndipo podulidwa paja anayamba kudontha. Analowa m'malaya n'kutsika ndi msana, ofunda ndi dzuwa, monga ankandinyowetsera Filesi ali khanda ndikamubereka popita kudimba. Sindinawapukute.